Lachisanu Limene Foni ya Mastura Inalira Msanga

Foni ya Mastura inkalira kamodzi pa sabata, ndipo kulira kwakeko sikunkafika ngakhale pakati. Lachisanu lililonse, amuna akangotuluka mumzikiti, kafoni kakudako kankati tiii, iye n'kudina batani lobiriwira, koma pofika nako kukhutu n'kupeza muli zii. Pagalasi pankangotsala dzina loti Rahimu. Ameneyo anali mwamuna wake, bambo a Anisa, yemwe anachoka pagombe la Chiuta mvula ziwiri zapitazo ponena kuti akukasaka ntchito ku Joni.

Kumeneko zimenezi amati kubipa, ndipo palibe amene amazidabwa. Msodzi akafika pakati pa nyanja amabipa kunyumba kuti adziwe kuti bwato silinatembenuke. Wogula nsomba akafika ku Insaca amabipa. Ndi moni wa anthu osafuna kuwononga mayunitsi, ndipo tanthauzo lake ndi limodzi: ndilipo. Koma kubipa kwa ku Chiuta kunali ndi luso lakelake. Aliyense ankadziwa kuti redi ya kumeneko, imene ochokera ku Malawi amati netiweki, ndi yaulesi. Ukaimba, iwe umamva kulira m'khutu mwako mpaka kutopa, foni ya mnzakoyo isanadzidzimuke n'komwe. Ndiye wobipa ankadikira ndithu, n'kudula pamene akuona kuti uko yangoyamba kumene. Rahimu anakulira pagombe pomwepo, ndipo pa luso limeneli panalibe womuposa.

Miyezi yoyambirira ankaimba n'kulankhula. Ankati ulendo ndi wautali, kukuzizira, Anisa musamamusiye pafupi ndi madzi. Kenako mawu anatha, kunatsala kubipa. Mastura akayesa kuimba iye, ankamva mayi wa m'foni uja akunena m'Chipwitikizi kuti nambalayo yazimitsidwa. Anayesa m'mawa, anayesa masana, anayesa pa foni ya anansi poganiza kuti mwina yakeyo ndiyo yalodzedwa. Mayi wa m'foniyo sanasinthe mawu, ndipo Mastura anafika pomuda ngati mkazi mnzake.

Kuseri kwa mathandala oyanikapo matemba kunali chulu chachikulu, pamene redi inkagwira bwinoko. Lachisanu Mastura ankasiya nsomba zili theka kuyanika, n'kukwera pachulupo muezini asanaitane n'komwe anthu kumapemphero. Sankakhala pansi. Ankaima, chala chili pa batani, akusintha mwendo, akuyang'ana kumzikiti, akuyang'ana pagalasi. Anisa, yemwe bambo ake anamusiya akukwawa, ankakhala m'munsi mwa chulu akuumba tinsomba tadothi. Foni ikati tiii, mwanayo ankakuwa kuti, "Ababa alira!" Akazi a pamathandala ankaseka, koma amake zinkawalasa mumtima.

Tsiku lina Saumu, mnzake wogulitsa makumba ouma, anabwera ndi nkhani kuchokera ku Entre Lagos, katauni ka pamalire komwe kuli sitesheni ya sitima. Anati kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu pafupi ndi njanji anaona munthu atasenza thumba la chimanga, chipewa chili m'maso, koma kayendedwe kake n'kofanana ndi ka Rahimu. Mastura anamutsira mawu osati masewera. Anamuuza kuti maso ake aphimbidwa ndi utsi wa nsomba, kuti mwamuna wake ali ku Joni, ndipo amene mwamuna wake sanapitepo ngakhale ku Cuamba asamalankhule za amuna a eni. Kuyambira pamenepo awiriwo ankangopatsana salamu ya pakamwa.

Amene sankatheka kuwakalipira anali amalume ake, a Latifu, omwenso anali ankhoswe a ukwatiwo. A Latifu anali munthu woluka maukonde, wosafulumira pa chilichonse, koma akagwira nkhani sankaisiya. Lolemba lina anamuitanira pakhonde pawo.

"Iwe Mastura, ndalankhula ndi a shehe," anatero osakweza maso pa ukonde. "Ndalankhulanso ndi akuchimuna. Ijuma, Lachisanu likubwerali, tikatuluka ku swala kumzikiti tikhala pansi. Ukwatiwu tiumasule."

"Amalume, bambo a Anisa alipo. Amabipa."

"Amabipa." A Latifu analuma ulusi n'kulavula. "Denga lako likudontha, kodi kubipa kunafolera? Anisa atadwala malungo anamunyamula ndani kupita naye ku Insaca? Foni si mwamuna, mwana wanga. Ndani akudziwa amene amadina uko? Mwina foniyo anagulitsa, wina akungosewera nayo."

"Ndi iwowo. Kadulidwe kawo ndimakadziwa."

"Ndiye alankhule. Ndimve mawu ake ndi khutu langali, ndikabweza anthu. Apo ayi, Ijuma tamaliza. Sukhala mkazi wa kulira kwa foni mpaka imvi."

Mastura anachoka pakhondepo atakwiya, ndipo chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti amalumewo sanalakwe ngakhale liwu limodzi. Iye ankamufuna Rahimu, ankamufunabe ngakhale anali atamutukwana mumtima kosawerengeka. Tsopano ukwati wake wonse unali pa chala chimodzi, ndipo chalacho chinali chitalephera Lachisanu lililonse.

Anayamba kudziphunzitsa. Ankapempha mkazi wa anansi kuti azimubipa, iye n'kumayesa kuyankha. Akutunga madzi foni ili m'manja, akutembenuza matemba foni ili m'manja, mpaka inayamba kununkha nsomba. Koma mkazi wa anansiyo anali wachifundo, ankachedwa kudula, ndiye kupambana kwa Mastura kunali kwabodza ndipo iye ankadziwa. Chakudya chinaleka kulowa. Ankayamba ntchito ina asanamalize ina, kusesa theka la bwalo, kuchapa nsalu n'kuiwala kuyanika.

Lachitatu kunabwera galimoto yoyera ku antena, chitsulo chachitali chimene kampani ya mafoni inaimika pamtunda kuseri kwa mudzi. Mastura anaiona ali pachulu, ndipo mtima unamuuza kuti anthuwa abwera kudzazimitsa redi sabata yomweyi, sabata yake. Anathamangira komweko chitenje chili m'manja. Anapeza mtsikana wovala chisoti chachikasu atakhala pa bokosi, kompyuta ili pamiyendo, chitseko cha kabati ya mawaya chili chotsegula.

"Mana, mchemwali wanga, mukuzimitsa?" anafunsa asanapereke n'komwe moni. "Ngati mukuzimitsa, dikirani Ijuma idutse. Ndikupemphani."

Mtsikanayo anaseka n'kumulozera pamthunzi. Anati dzina lake ndi Natália, kwawo ndi ku Insaca komweko, makolo ake ndi aja anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Chinyanja chake chinali chosalala ngati cha pa wailesi. Anati sanabwere kudzazimitsa, wabwera kudzachotsa ulesi uja.

"Foni yanuyo sikhala maso nthawi zonse," anatero. "Imagona, n'kumadzuka pang'onopang'ono kumvetsera ngati antena ikuitana dzina lake. Zili ngati kuchipatala, namwino akamaitana mayina pakhomo. Ndiye kuno foni imamva anamwino awiri, wathu uyu ndi wa ku Malawi tsidya la nyanja, ndipo sidziwa kuti dzina lake litulukira pakhomo liti. Imayesa apa, imayesa apo, nthawi ikupita. Ine ndikuiuza antena kuti iziitana momveka, pamalo amodzi amene foni ikudziwa. Ikangodzuka, yamva, yalira."

"Ndiye munthu akaimba, izilira pomwepo?"

"Pomwepo. Mawa ndimaliza. Kodi mukudikira ndani chonchi?"

Mastura anamuonetsa dzina pagalasi, n'kunena monyada kuti ndi mwamuna wake, ali ku Joni. Natália anayang'ana nambalayo nthawi yaitali kuposa mmene nambala imafunira.

"Ali ku Joni ndi nambala ya konkuno?"

"Anapita nayo."

Natália anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anabweza foniyo n'kunena kuti Mulungu akuthandizeni, mana, kenako anaweramira kompyuta yake. Mastura sanafune kudziwa chimene mtsikanayo anameza. Anali atamva chimene anadzera, ndipo anabwerera kumudzi akuyenda ngati wapsa kumapazi.

Lachinayi madzulo mudzi unasokonekera. Asodzi amene ankabipa mwa chizolowezi, akudikira kulira kuja m'khutu, ankangomva akazi awo akuyankha kuti, "Halo, mwatani?" Wina anadzidzimuka mpaka kutsala pang'ono kugwetsera foni m'madzi. Pamathandala anthu ankatukwana mtsikana wa chisoti chachikasu kuti wawonongetsa mayunitsi a anthu osalakwa, chonsecho ndi anthu omwewo amene dzana ankatukwana kuti redi ndi yaulesi. Anthu a pagombe kuwakondweretsa n'kovuta. Mastura yekha ndiye sanatukwane. Anapukuta foni yake ndi nsonga ya mpango, n'kukaitchajitsa kwa mwini sola mpaka inadzaza.

Mantha anamugwira m'mawa wa Lachisanu. Bwanji ngati amalume akunena zoona, n'kuyankha mnyamata wachilendo amene anagula foniyo pamsika? Bwanji ngati ayankha mkazi? Bwanji ngati lero, lero lenilenili, saimba? Anaphika tiyi n'kumuiwala pamoto. Anamanga mpango, n'kumasula, n'kumanganso. Ali pachulu anaona a Latifu akuyala mkeka pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo asanapite kumzikiti, ndipo anamva ngati akumuyalira maliro.

Swala inatha. Amuna anatuluka akuvala nsapato, a shehe ndi achimwene a Rahimu n'kulowera kumkeka kuja. Foni inali chete. Dzuwa linkamuwotcha pamutu, thukuta likutsika m'chala mpaka anaopa kuti chiterereka pa batani. A Latifu anatukula dzanja kumuitana. Iye ananamizira kuti sanaone.

Kenako inalira, ndipo sanaipatse mpata womaliza tiii wake. Anadina.

M'khutu munali phokoso la panja, mphepo, anthu akulankhula chapatali. Munalinso kupuma kwa munthu amene akudikira modekha, akuganiza kuti uko foni idakagona.

"Bambo a Anisa," anatero Mastura.

Kupumako kunaima.

"Musadule. Ndakupemphani m'dzina la Mulungu, musadule."

Sanadule. Ndipo m'kachetechete momwemo, kumbuyo kwa munthuyo, kunalira lipenga lalitali, lokulira pansi, kenako chigugudu cha zitsulo chosatha. Mastura ankalidziwa lipenga limenelo. Ali mtsikana ankapita ndi amayi ake kukagulitsa nsomba pa sitesheni, ndipo atakula anazionapo sitima za malasha zikudutsa, mabogi osawerengeka, munthu mpaka kutopa kuyang'ana. Anamvanso mawu a mayi wina akutsatsa matemba a ku Chiuta, m'Chiyao cha kwawo komweko.

Kwa nthawi yoyamba Mastura anakhala pansi pachulu paja.

"Komboyo imeneyo, sitima ikudutsayo, si ya ku Joni," anatero pang'onopang'ono. "Muli pa Entre Lagos."

"Amake Anisa." Mawuwo anali ake ndithu, koma ouma, ngati a munthu amene wadwala nthawi yaitali. "Foni yalira bwanji msanga chonchi?"

Mastura anafuna kuseka, anafuna kulira, anafuna kuiponya foniyo m'nyanja. Zaka ziwiri, ndipo funso loyamba la mwamunayu linali la redi.

"Mwakhala pamenepo kuyambira liti?"

"Kalekale. Anatigwira tilibe mapepala, anatitsekera, kenako anatibweza pamalire. Ndinayenda mpaka kufika pano. Ndinati ndigwire kaye maganyu, ndipeze kanthu kogwira m'manja, ndisafike ngati wothawa moto. Anthu onse aja anandiperekeza pagombe, amake Anisa. Ndikanalowa bwanji m'mudzi ndi jumbo?"

"Ndiye munasankha kundisandutsa chitsiru. Ndinatukwana Saumu chifukwa cha inu. Ndakhala ndikuima pachulu pano ngati mbuzi, inu muli poti njinga imapita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo."

"Ndinkafuna mudziwe kuti ndili moyo."

"Moyo umenewo ndaumva. Gwirani foniyo, musayerekeze kudula."

Anatsika pachulu, anadutsa pakati pa mathandala akazi akumuyang'ana kukamwa kuli yasa, Anisa akuthamanga pambuyo pake. Atafika pamkeka anagwada monga mwa ulemu, anadina batani lokweza mawu, n'kuika foniyo pakati pa akuluakuluwo.

"Amalume, munati mumve ndi khutu lanu. Nawa."

A Latifu anayang'ana kafoniko ngati ndi nkhanira. Anapereka salamu, ndipo foniyo inayankha salamu. Achimwene a Rahimu anagwira pakamwa. Sitima ija inali ikudutsabe, chigugudu chake chikumveka pansi pa mtengo wa mango, ndipo panalibe amene anafunika kuuzidwa kumene mkamwini wawo ali.

"Che Rahimu," anatero a Latifu pomaliza, "tayala mkeka uno kuti timasule ukwati wanu. Mukuti bwanji?"

"Musamasule, amalume."

"Amene ayankhe zimenezo si ine." A Latifu anatembenukira kwa Mastura.

Mastura anaweramira foniyo. Mkwiyo unali utamudzaza, koma pansi pa mkwiyowo panali mpumulo waukulu umene unkamuchititsa manyazi.

"Mawa dzuwa lisanafike pamutu mukhale mutaponda pakhomo pano. Bwerani ndi jumbo yanuyo, masana, anthu akuona. Mukalephera, musadzabipenso. Nambalayi ndifufuta ndekha, ndipo amalume sadzavutika kuyalanso mkeka."

Foni inati tu, tu, tu. Kaya mayunitsi anatha, kaya anadula, palibe akanadziwa. A shehe anati adikira mpaka mawa, n'kudzuka kukung'untha mkanjo wawo.

Chotsala cha tsikulo Mastura sanachione bwino. Anapita kwa Saumu n'kuima pakhomo osadziwa poyambira. Saumu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti utsi wa nsomba uja wachoka tsopano, kenako anamupatsa mpando. Atabwerera kunyumba anasesa bwalo lonse, n'kudzikwiyira kuti akusesera ndani. Anatulutsa malaya akale a Rahimu m'sutikesi, n'kuwabwezeramo.

Loweruka sanakwere pachulu. Anaima pamphambano pamene njira ya ku Entre Lagos imalowera m'mudzi, foni ataipatsa Anisa kuti azisewera nayo. Inadutsa njinga ya makala. Anadutsa anyamata a maukonde. Inaima chapa, kaminibasi konyamula anthu, n'kutsika amayi awiri ndi mabeseni, basi. Mthunzi wake unkafupika, ndipo anayamba kukonza mumtima mawu amene akawauze amalume.

Munthuyo anatulukira wapansi, kumbali kwa njira, kumene udzu ndi wautali. Anali ataonda mpaka khosi kutalika. Chipewa anali atachigwira m'manja, ndipo kudzanja linalo kunali jumbo yakuda, yaing'ono kuposa mmene Mastura ankaganizira. Pamathandala ntchito inaima. Rahimu anayenda pakati pa maso onsewo osayang'ana kumbali, n'kudzaima patsogolo pa mkazi wake.

 Anisa anabisala kuseri kwa chitenje cha amake, akusuzumira mlendoyo.

"Anisa, awa ndi ababa ako," anatero Mastura.

Mwanayo anapukusa mutu, n'kukumbatira foni pachifuwa. "Ababa ali umu."

Rahimu anayang'ana pansi. 

"Imbani," anatero Mastura.

Anamuyang'ana osamvetsa.

"Ndati imbani. Ndi mmene amakudziwirani."

Rahimu anaika jumbo pansi, anatulutsa foni yong'ambika galasi m'thumba, n'kuiyatsa. Anadina. Nthawi yomweyo ya m'manja mwa Anisa inalira, ndipo ulendo uno inalira yonse, tiii, tiii, osadukiza. Mwanayo anatuluka kuseri kwa chitenje maso ali mbee.

"Ababa alira!"

Mastura anagwada, anagwira kachala ka mwanayo n'kukadinitsa pa batani lobiriwira, n'kumuikira foniyo kukhutu. Kenako anakweza maso kwa mwamuna amene anaima pamenepo ndi foni pa tsaya, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Lankhulani," anatero. "Mwanayu mawu anu sawadziwa."